Hard disk imadya kwambiri podzuka kuposa pogwira ntchito

Pali vuto lina limene limazunguza anthu ambiri amene ali ndi hard disk yoyenda nayo, ija timalumikiza ndi kachingwe ka USB. Pa laputopu ina imatseguka bwinobwino, mafayilo onse n'kuoneka. Mukaisamutsira pa kompyuta ina, kapena kumbuyo kwa TV, kagetsi kake kamayaka ndithu koma pa sikirini sipabwera kanthu. Mukaiyandikiza kukhutu mumamva ikuyamba kuzungulira, kenako "tiki", zii, n'kuyambiranso. Ambiri akamva zimenezi amangoti yafa. Ena amaigogoda ngati wailesi yakale, ena amapita nayo kwa okonza n'kuvomera kuti aifufute zonse, manotsi ndi zithunzi za zaka zisanu n'kupita. Chonsecho disiki imene ikugwira ntchito pena n'kumakana pena kawirikawiri siidwala ayi. Ili ndi njala, ndipo njala yakeyo tingathe kuiwerengera ndi masamu amene mukuphunzira kale mu physics.

Odya magetsi m'katimo

Mukapeza hard disk yakufa kale (yamoyo musaitsegule, fumbi lochepa chabe limaiwononga), masulani chivundikiro chake muone. Muli mbale zozungulira zonyezimira ngati kalilole, zopangidwa ndi aluminiyamu kapena galasi, ndipo pamwamba pake anapakapo zinthu zogwira maginito. Nyimbo, zithunzi ndi mafayilo anu onse ndi timadontho ta maginito tosaoneka ndi maso, tina toloza uku, tina toloza uko. Timadonthoti sitifuna magetsi kuti tikhalepo, n'chifukwa chake disiki ikhoza kugona m'kabati chaka chathunthu zinthu zanu zili momwemo. Magetsi amafunika pofuna kukafika pamene pali timadonthoto, kutiwerenga kapena kutisintha.

Odya magetsi alipo atatu. Woyamba ndi mota imene imazunguza mbale zija. Wachiwiri ndi mkono wachitsulo umene kunsonga kwake kuli timitu towerengera ndi kulembera. Mkonowu umayendetsedwa ndi koyilo ya waya imene ili pakati pa maginito amphamvu kwambiri, mmene sipikala ya wailesi imagwirira ntchito: current ikadutsa mu koyilo, koyiloyo imakankhidwa. Wachitatu ndi bolodi ya kunsi, yokhala ndi ma chip amene amalamula zonse ndi kulankhulana ndi kompyuta.

Mota ija si yamasewera. Ma disiki ambiri amazungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa miniti. Gawani 7,200 ndi 60, mupeza maulendo 120 pa sekondi imodzi. Mbale ya disiki yaikulu ndi ya mamilimita 95 m'mimba mwake, kotero m'mphepete mwake mumayenda pafupifupi mamita 0.3 pa ulendo uliwonse. Chulukitsani ndi 120, ndi mamita 36 pa sekondi, pafupifupi makilomita 130 pa ola. Likanakhala liwiro la minibasi, bwenzi apolisi a pamsewu atalemba kale lisiti. Pa liwiro limeneli kamutu kowerengera sikakhudza mbale. Kamayandama pa kamphepo kamene mbale imakoka ikamazungulira, pa mpata wa ma nanometre ochepa chabe, pomwe tsitsi limodzi la munthu kunenepa kwake ndi ma nanometre masauzande ambirimbiri. Mfundo iyi muisunge, tiifunanso kutsogoloku: kamphepoko kamakhalapo pokhapokha mbale ikuzungulira.

Waya wachikasu ndi waya wofiira

Magetsi a pakhoma kwathu kuno ndi 230 V a AC, osinthasintha maulendo 50 pa sekondi. Hard disk siidya amenewo. M'kompyuta ya padesiki muli kabokosi kotchedwa power supply kamene kamawasandutsa DC ya 12 V, 5 V ndi 3.3 V. Mukasuzumira m'katimo muona mawaya amitundu: wachikasu ndi wa 12 V, wofiira ndi wa 5 V, akuda ndi obwerera, a 0 V, ndipo pa mapulagi ena a SATA palinso wa mtundu wa lalanje wa 3.3 V, umene ma hard disk ambiri saudya n'komwe.

Disiki yaikulu ya m'kompyuta ya padesiki, imene amaitchula kuti ya mainchesi 3.5, imafuna mawaya onse awiri. Wa 12 V ndi wa ntchito zolemera, mota ndi mkono. Wa 5 V ndi wa ma chip. Disiki yaing'ono ya mu laputopu, ya mainchesi 2.5, mbale zake ndi zazing'ono ndi zopepuka, ndiye zonse imachitira pa 5 V yokha. Ma hard disk oyenda nawo a USB aja m'kati mwake mumakhala ya mainchesi 2.5 yomweyi, yongovekedwa chikhokho chapulasitiki.

Tsopano tengani disiki yaikulu muwerenge kapepala komata pamwamba pake. Manambala amasiyana malinga ndi mtundu, koma mukhoza kupeza zonga izi: 5 V, 0.7 A ndi 12 V, 0.55 A. Paja P = V × I. Ku mbali ya 5 V ndi 5 × 0.7 = 3.5 W, ku mbali ya 12 V ndi 12 × 0.55 = 6.6 W, zonse pamodzi 10.1 W. Imeneyi ndi mphamvu yofanana ndi ya babu limodzi la LED la pabalaza, ndipo pa ntchito wamba disiki siifika n'komwe pamenepo. Zambiri zimadya pakati pa 5 W ndi 8 W zikamawerenga kapena kulemba, n'kutsikirapo zikamangozungulira popanda chochita.

Kapepalako sikanama, koma sikanena zonse. Mukafufuza pepala la opanga lofotokoza disikiyo mwatsatanetsatane, mupeza mzere wina wa current yoyambira, ndipo pa ma disiki ambiri aakulu pamalembedwa pafupifupi 2 A pa waya wa 12 V. Ndiye kuti 24 W ku mota yokha, kuposa katatu zimene zili pa kapepala kaja ku mbali ya 12 V. Disiki yaing'ono nayo, imene pa ntchito imakhutira ndi 2 W kapena kucheperapo, podzuka imafuna pafupifupi 1 A pa 5 V, kutanthauza 5 W. Izi zimangotenga masekondi ochepa, koma amene akupereka magetsi akalephera masekondi amenewo, zina zonse zilibe ntchito.

Bwanji podzuka?

Zifukwa zilipo ziwiri, china cha mechanics, china cha magetsi, ndipo chachiwiricho n'chimene chimandisangalatsa kwambiri.

Choyamba mumachidziwa kale ngati munakwerapo kabaza. Ponyamuka, wopalasa amachita kuimirira, njinga ikugwedezeka uku ndi uku. Ikangothamanga pamsewu wosalala amakhala pansi, mpaka kumacheza nanu. Chinthu choima chimafuna mphamvu kuti chiyambe kuyenda, pomwe chikafika pa liwiro lake chimangofuna yolimbana ndi friction basi. Mbale imodzi ya aluminiyamu ya disiki yaikulu imalemera magalamu 20 ndi pang'ono. Mukawerengera kinetic energy yake pa maulendo 7,200 pa miniti, imafika pafupifupi 8 J, yofanana ndi imene mumagwiritsa ntchito ponyamula paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi kuchoka pansi kufika patebulo. Disiki ya mbale zinayi ndi 30 J ndi kuposerapo, ndipo mphamvu yonseyo iyenera kulowa mu mbalezo m'masekondi oyambirira aja. Zikangofika pa liwiro, mota imatsala ndi ntchito yolimbana ndi mpweya wa m'katimo ndi kukhulana kwa pa ma bearing.

Chachiwiri tiyambire kwa Michael Faraday, amene mu 1831 anaonetsa kuti maginito akamayenda pafupi ndi koyilo, mu koyilomo mumabadwa voltage. Mu 1834 Heinrich Lenz anawonjezera kuti zobadwazo nthawi zonse zimatsutsana ndi kusintha kumene kwazibala. Tsono taganizirani mota ya hard disk. Makoyilo ake ndi okhazikika, maginito ndi amene amazungulira pamodzi ndi mbale. Tikaipatsa current, makoyilo amakankha maginito, mota n'kuzungulira. Koma maginito amenewa pozungulirapo akudutsa pafupi ndi makoyilo omwewo, eti? Ndiye lamulo la Faraday silingagone. Mu makoyilomo mumabadwa voltage ina yolimbana ndi imene tikupereka. Imeneyi ndiyo back emf. Kunena kwina, mota iliyonse ikamazungulira imakhalanso jenereta nthawi yomweyo, ifune isafune.

Tiyeni tiike manambala ongoyerekezera kuti muone mmene zimayendera. Tinene kuti makoyilo ali ndi resistance ya 3 Ω ndipo tawapatsa 12 V. Mota ili chiimire, palibe maginito amene akuyenda, back emf ndi ziro. Current ndi I = V ÷ R = 12 ÷ 3 = 4 A. Mota yafika pa liwiro lake, tinene kuti back emf yakwera kufika 10.5 V. Voltage yotsala yokankha current ndi 12 − 10.5 = 1.5 V yokha, ndipo 1.5 ÷ 3 = 0.5 A. Mota yomweyo, waya yemweyo, koma current yatsika kasanu ndi katatu. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amadabwa, chifukwa maganizo amatiuza kuti chinthu chothamanga kwambiri ndicho chikudya kwambiri. Ku mota n'zosemphana: nthawi imene imameza current yambiri ndi pamene ili chiimire koma yapatsidwa magetsi.

Mu hard disk yeniyeni muli kachipangizo kolamula mota kamene sikalola current kuthamanga mmene ikufunira. Kamaidula pa mlingo wina, monga 2 A ija, n'kumaikankha mota pang'onopang'ono mpaka ifike. Opanga amasankha: current yoyambira yochepa koma kudzuka mochedwa, kapena yambiri koma kudzuka msanga.

Zimenezi si za makompyuta okha. Amene mumakhala pafupi ndi chigayo chamagetsi munaonapo mababu akufooka kamphindi pamene akuchiliza, kenako n'kubwerera mwakale. Firiji ikamayamba kulira zimachitikanso pang'ono. Ndipo woyendetsa chigayo wodziwa ntchito sathira chimanga chigayo chisanakwere liwiro, chifukwa mota yolemedwa isanathamange imakhala nthawi yaitali pa current yaikulu, makoyilo n'kutentha mpaka kupsa.

Kubwerera ku "tiki, tiki"

Bowo la USB 2.0, malinga ndi malamulo a kapangidwe kake, limalonjeza 500 mA pa 5 V, kutanthauza 2.5 W. La USB 3.0, limene kawirikawiri m'kati mwake mumakhala mwa buluu, limalonjeza 900 mA, kapena 4.5 W. Disiki yaing'ono pa ntchito imafuna 2 W, ndiye onse awiri angaidyetse. Koma podzuka imafuna mpaka 5 W. Mwaona pamene pagona vuto?

Chimene chimachitika n'chakuti mota ikayamba kukoka current yoposa imene bowolo lingapereke, voltage imagwa. Waya wa 5 V amaloledwa kusewera ndi 5 peresenti yokha, kuyambira 4.75 V mpaka 5.25 V. Ikagwa kwambiri, ma chip a pa bolodi, amene akudyera pa waya yemweyo, amazima kapena kuyambiranso. Mota imasiyidwa, ndipo ngati mkono unali utayamba kuyenda umabwezedwa pamalo pake, kaphokoso kaja n'kumveka. Mota ikasiya kukoka, voltage imabwerera pa 5 V, ma chip amadzuka n'kulamula mota kuti iyambe, voltage n'kugwanso. Zikhoza kupitirira choncho mpaka mawa. Makompyuta ambiri amapereka current yoposa imene lamulo limanena, ena amaidula ndendende pa malire, n'chifukwa chake disiki yomweyo imatseguka kwa mnzanu n'kukana kwanu.

Chingwe nacho chili ndi mlandu, ndipo anthu sachiganizira. Waya aliyense ali ndi resistance, ndipo imakula waya akakhala wautali kapena wowonda. Zingwe zotchipa zimakhala ndi timawaya towonda zedi m'kati, moti chingwe cha mita imodzi chikhoza kukhala ndi 0.4 Ω mukaphatikiza waya wopita ndi wobwerera. Pa current ya 0.1 A, monga ya mausi kapena kiyibodi, voltage yotayika ndi V = I × R = 0.04 V, yosadetsa nkhawa. Pa 1 A ya disiki imene ikudzuka, yotayika ndi 0.4 V. Laputopu yatulutsa 5 V yabwinobwino, koma ku disiki kwafika 4.6 V, pansi pa malire. Mukawonjezera chingwe chotalikitsira, kapena kahabu kaja kogawa bowo limodzi kukhala anayi popanda magetsi akeake, ndiye mwaipha ndi njala dala.

Choncho musanaweruze kuti disiki yafa, yesani zotchipa kaye. Gwiritsani ntchito chingwe chachifupi ndi chonenepa, makamaka chimene inabwera nacho. Lowetsani pa bowo la buluu. Pa kompyuta ya padesiki yesani mabowo akumbuyo, chifukwa akutsogolo amadutsanso pa mawaya ena m'kati mwa bokosi. Laputopu ikhale pa chaja. Palinso zingwe za mphanda, za mitu iwiri ya USB, zimene zimatapa current pa mabowo awiri, komanso mahabu okhala ndi adaputa yawoyawo. Ikatseguka, chinthu choyamba koperani mafayilo ofunika muike pena. Koma ngati mwaipatsa magetsi okwanira pa makompyuta awiri atatu ndipo ikulirabe tiki tiki, isiyeni. Pamenepo vuto likhoza kukhala la timitu, ndipo kuiyatsa mobwerezabwereza kumangowonjezera kukalika kwa mbale.

Magetsi akachuluka

Njala siipha disiki nthawi yomweyo. Kukhuta mopitirira muyezo ndiye kumapha pa sekondi imodzi. Ma disiki akunja aakulu, a mainchesi 3.5, amabwera ndi adaputa yawo ya 12 V chifukwa bowo wamba la USB lilibe 12 V. Tsoka lake n'lakuti kapulagi ka adaputa imeneyi kamafanana ndi ka machaja ambiri a laputopu, amene amatulutsa 19 V. Patebulo pali zingwe zambirimbiri, munthu watola cholakwika, chalowa bwinobwino, kenako kafungo ka chopsa. Kulowa kwa pulagi si umboni woti voltage ndi yoyenera. Werengani zolembedwa pa adaputa.

Opanga anaganizirako za ngozi yotereyi. Pa bolodi, pafupi ndi polowera magetsi, ma disiki ambiri ali ndi ka diode koteteza kotchedwa TVS. Pa voltage yoyenera kamangokhala chete. Voltage ikadumpha, kamatsegula njira yachidule yopita ku 0 V kuti current idutse mwa iko m'malo mopita ku ma chip, ndipo ikakhala yaikulu kamapsa n'kutsala kali short circuit. Disiki imaoneka yakufiratu, nthawi zina mpaka kompyuta kukana kuyaka ikalumikizidwa, koma mbale ndi zonse zili pamenepo zimakhala zilibe banga. Wokonza wodziwa bwino amakayeza ndi multimeter n'kukasintha. Si nthawi zonse pamene kamapulumutsa bolodi, komabe n'koyenera kukayeza musanataye disiki.

Kwa amene kwanu mumagwiritsa ntchito sola, pali msampha wina. Batire lolembedwa 12 V silikhala pa 12 V. Likadzaza limakhala pafupifupi 12.6 V, likamatchajidwa dzuwa lili phwee limafika cha m'ma 14.4 V, ndipo likamatha limatsika pansi pa 12 V. Hard disk imalola kusiyana kwa 10 peresenti basi pa waya wa 12 V, ina 5 peresenti yokha, kutanthauza kuti pamwamba penipeni ndi 13.2 V. Kulumikiza disiki molunjika ku batire chifukwa choti zonse zalembedwa 12 V n'kuika mafayilo anu pachiswe. Pakati pamafunika regulator yosunga voltage pamalo amodzi, yokhozanso kupereka 2 A ija podzuka.

Magetsi akathima mwadzidzidzi

Iyi ndi nkhani imene kuno kwathu sitichita kuiwerenga m'mabuku. Power supply ya kompyuta ili ndi ma capacitor amene amasunga magetsi okwanira pafupifupi 16 ms magetsi a pakhoma akachoka. Pa 50 Hz, cycle imodzi ndi 20 ms, ndiye muone kufupika kwake. Ikatha nthawi imeneyo, disiki yatsala yokha, timitu tili pakati pa mbale.

Kumbukirani mfundo ija: kamphepo koyandamitsa timitu kamakhalapo pokhapokha mbale ikuzungulira. Mbale ikaima timitu tili pamwamba pa mafayilo, titera pomwepo, tikhoza kukala mbale kapena kumatirira. Mkono uyenera kuchotsedwa msanga, koma umayenda ndi current, ndipo magetsi apita. Atenga kuti?

Yankho ndi back emf yomwe ija. Mbale zikadali ndi kinetic energy yawo, 8 J pa mbale iliyonse, ndipo zikupitiriza kuzunguza maginito a mota. Mota tsopano yasanduka jenereta yeniyeni, ngati dayinamo ya njinga imene imayatsa nyali tayala likamazungulira. Kachipangizo kolamula mota kakangoona kuti voltage yagwa, kamatenga magetsi ochokera ku mota n'kuwapereka ku koyilo ya mkono, mkono n'kuthamangira kunja kwa mbale n'kukwera pa kachitunda kapulasitiki kamene anakakonzera kuti timitu tizipumirapo. Ma disiki akale ankatsitsira timitu pa malo opanda mafayilo pafupi ndi pakati pa mbale. Kaphokoso kamodzi kamene mumamva mu kompyuta magetsi akangothima ndi kameneko. Mphamvu imene disiki inameza movutikira podzuka ndi yomweyo imene imaipulumutsa pomaliza. Kwa ine, pa zinthu zonse za m'kompyuta, apa ndi pamene mainjiniya anagwiritsa ntchito physics mwaukatswiri kwambiri.

Komatu musamve ngati kuthima kwa magetsi kulibe vuto. Kubweza mkono mwadzidzidzi n'kwankhanza poyerekeza ndi kuubweza mwadongosolo, ndipo disiki imawerenga yokha kuti zachitika kangati. Pulogalamu yaulere yotchedwa CrystalDiskInfo imaonetsa kaundula amene disiki imasunga wa thanzi lake, wotchedwa SMART. Pa ma disiki ambiri muli mzere wa Power-off Retract Count, wowerenga kubwezedwa kwa mkono magetsi akachoka, ndi wina wa Spin Retry Count, wowerenga maulendo amene mota inalephera kufika pa liwiro n'kuyesanso. Wachiwiriwu ukamakwera, kayikirani magetsi amene disiki ikulandira kapena mota imene yayamba kutopa.

Vuto lalikulu lili pa zimene zinali zisanalembedwe. Kulemba pa mbale n'kochedwa poyerekeza ndi ma chip, ndiye disiki imayamba yalandira zinthu mu memory yaing'ono yotchedwa cache, ya 64 MB mpaka 256 MB pa ma disiki ambiri a masiku ano, n'kumazilemba pambuyo. Kompyuta nayo imasungako zina mu memory yake. Memory yotereyi siili ngati timadontho ta maginito tija: magetsi akachoka, zonse zili mmenemo zimafufutika. Sikirini ikhoza kukuuzani kuti kukopera kwatha pomwe zina zikadali m'njira. Choipitsitsa ndi pamene magetsi athima disiki ikulemba kaundula wosonyeza pamene fayilo iliyonse ili. Mafayilo alipo, koma mapu ake ang'ambika pakati, ndipo mawa lake kompyuta imakufunsani ngati mukufuna kuifomata disikiyo. Musavomere. Nthawi zambiri mafayilo amatheka kuwapulumutsa ngati simunalembepo zina pamwamba.

Ntchito ya kabatani ka Eject ndi imeneyi: kamalamula kuti zonse zili mu memory zitsikire pa mbale musanazule chingwe. Mukazula, dikiraninso masekondi angapo mbale ziime musanaiponye m'chikwama. UPS nayo ntchito yake si yoti mupitirize kuonera filimu, koma kukupatsani mphindi zochepa zoti musunge ntchito ndi kuzimitsa mwadongosolo. Laputopu ili ndi UPS yakeyake, batire lake, ndipo disiki yaing'ono ya USB imatetezedwa nalo limodzi. Koma disiki yaikulu ya adaputa ya pakhoma siitetezedwa, ngakhale laputopu ikhale ikuyakabe. Ndipo magetsi akamachita kubwera n'kupita, kubwera n'kupita, zulani pakhoma mudikire akhazikike, chifukwa ulendo uliwonse ndi kudzuka kwina kwa 2 A ndi kubwezedwa kwina kwa mkono mwankhanza.

Pa mayunitsi a mita hard disk si mbava. Ya 6 W yoyaka usana ndi usiku mwezi wonse ndi 6 × 24 × 30 = 4,320 Wh, mayunitsi 4 ndi pang'ono. Pafupifupi mphamvu yonseyi imathera kukhala kutentha, ndipo gawo lalikulu la ntchito ya mota ndi kulimbana ndi mpweya. N'chifukwa chake mu 2013 kampani ya HGST inatulutsa ma disiki odzazidwa ndi helium, mpweya wopepuka pafupifupi kasanu ndi kawiri kuposa umene timapuma, kuti mbale zizizungulira mosavutikira. Kompyuta ikaona kuti disiki yakhala nthawi osagwiritsidwa ntchito imaigoneka, mota n'kuima, kudya n'kutsika pansi pa 1 W. Kuchedwa kuja mumakuona mukatsegula foda patapita nthawi, kaphokoso kakukwera pang'onopang'ono, ndi mota ikudzukanso. SSD ilibe mota kapena mkono, ndiye mavuto a kudzukawa siiwadziwa, ngakhale kuti nayo siikonda kuthimitsidwa ili pakati polemba.

Kumalo osungira ma disiki ambiri m'bokosi limodzi, sawadzutsa onse pamodzi. Amawayatsa motsatizana, ena akafika pa liwiro ndi pamene ena amayamba, njira yotchedwa staggered spin-up. Yesani kuwerengera nokha chifukwa chake. Tinene kuti sukulu ikufuna kusunga mabuku ndi mavidiyo a maphunziro pa kompyuta ya ma disiki 6. Iliyonse imafuna 2 A podzuka ndi 0.5 A ikafika pa liwiro, zonse pa 12 V. Power supply ingapereke 10 A pa waya wa 12 V, ndipo purosesa ndi mafani akutenga kale 4 A. Kodi kompyutayi ingayake onse akadzuka nthawi imodzi? Ngati ayi, adzuke m'magulu angati, ndipo gulu lililonse likhale la angati? Powerengera gulu lachiwiri musaiwale kuti a gulu loyamba akudyabe 0.5 A iliyonse.